Usanakwere Ndege, Udzere kwa Ankhazi Ako

Lusungu mwana wanga,

Lero ndavundikira makina dzuwa likadali pamutu, ndipo amayi a madiresi a kwaya achoka pakhonde pano akung'ung'udza. Ang'ung'udze, Lamlungu likadali kutali. Iwe wapita kukatsanzika anzako, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, poti ine ndi iwe tikayamba kulankhulana maso ndi maso sitifika patali. Iwe umakweza mawu, ine ndimayamba kufunafuna sizasi yomwe ili m'manja mwanga momwe. Kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama chako. Usaisunge kuti ukawerengere m'ndege. Uiwerenge lero lomwe, chifukwa chimene ndikupempha ndi cha mawa m'mawa.

Pempho langa ndi ili: usakwere basi ya pa Boma yolunjika ku Lilongwe. Udzere ku Edingeni kwa ankhazi ako, mlongo wa malemu adada ako, ukawapepese. Ukachoka kumeneko udutse pa Embangweni, ukakwerere basi pa Jenda. Ndege yako ndi ya mkuja, nthawi ilipo. Maphunziro akowa akuti ndi a zaka zingapo, ndipo miyendo ya ankhazi ako waiona wekha momwe yatupira. Sindiopa za matemberero zimene anthu akunong'onezana, ine ndi munthu wopemphera. Ndikuopa kuti udzabwera ndi madigiri ako n'kupeza munthu woti umupepese kulibe.

Ndikudziwa chimene ukunena mumtima pamene ukuwerenga apa. Ukuti, "Amama, ndalakwa chiyani? Ndinangonena zoona." Taleka ndikukumbutse momwe zinayendera, ngakhale kukumbutsa katswiri wa za kukumbukira ndi kudziputira nkhondo.

Linali tsiku lovundukula chiliza cha adada ako, mwezi wathawu. Abusa atatha pemphero tinakhala pansi pa mitengo, ankhazi ako anayamba kusimba nkhani yawo ija ya imfa ya adada ako imene amaisimba chaka ndi chaka. Anati, "Mdumbu wane atatsala pang'ono kutisiya anatsegula maso, mbwenu anandiitana dzina la paubwana. Akuti, Nyuma, mwana uyu usamutaye, apite kusukulu. Atangotero mbwenu anagona." Amayi onse anali akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Iwe unaimirira pamene unkagawa madzi osamba m'manja, n'kunena mokweza kuti, "Ankhazi, sizinali choncho. Adada anali atasiya kulankhula, ndipo inu munafika atamwalira kale. Ine ndi amene ndinalipo, ndinawagwira dzanja. Si kuti mukunama ayi, ubongo ndi momwe umachitira. Pulofesa wathu anazifotokoza bwino zimenezi."

Ankhazi ako anakuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Yewo, mwana wane. Waphunzira chomene." Anadzuka, n'kukung'untha chitenje, n'kukakwera ngolo chakudya chisanagawidwe. Kuchokera tsiku limenelo foni yanga sakuyankha. Dengu la ufa limene amatitumizira akakolola silinabwere, ndipo iwe ukudziwa kuti mayi ameneyu ngakhale chaka cha njala sanaphonyepo.

Usaganize kuti ndikudana ndi Pulofesa wakoyo. Ndimamukonda mayi ameneyu ngakhale ndinangomuonera pa foni. Chiyambireni kuwerenga zolemba zake uli ku koleji, dzina lake lakhala likudya nafe m'nyumba muno ngati mwana wa m'banja. Unandiuza kuti masiku ano palibe amene angalembe za momwe ubongo umasungira zinthu osamutchula, kuti ophunzira ake ali kale ndi ophunzira awo m'mayiko osiyanasiyana, ndiponso kuti madokotala othandiza anthu amene ngozi yakale imawabwerera m'maganizo amawerenga zimene iye analemba. Tsiku lina unandifotokozera m'chilankhulo changa cha utelala. Unati kukumbukira si kutsegula sutikesi n'kupeza chovala chili monga unachipindira. Unati munthu akakumbukira chinthu, ubongo umachimasula n'kuchisokanso, ndipo posokanso umatha kulowetsamo kansalu kena mwiniwake osadziwa. Ndinamva, ndipo ndinagoma. Pa anthu onse amene analembera mayi ameneyu kuti awatenge, anasankha mwana wa telala wa pakhonde pa Mzimba. Ndikamaganiza zimenezi ndimaponda makina ndikumwetulira ndekha, anthu n'kumayesa mutu wayamba kusokonekera.

Tsiku limene anaimba foni n'kupempha kuti andipatse moni, ndinkayembekezera munthu wa masuti ndi magalasi ochititsa mantha. Ndinaona gogo wa imvi, atavala juzi yong'ambika pachigongono, moti manja anga anayabwa kufuna singano. Anakufunsa mawu othokozera a kwathu kuno, n'kunena "yewo" yopotoka, tonse tinaseka. Ukukumbukira funso limene ndinakutuma kuti umufunse? Ndinati, bwanji ndimaiwala pamene ndaika sizasi, koma nyimbo imene ndinaphunzira ku Sande Sukulu ndimaiyimba yonse osaphonya? Anayankha pang'ono, iwe ukumasulira, kenako anakanda m'mutu n'kunena kuti zambiri za funso limenelo iye mwini sakuzidziwabe. Pa nthawi yochepa ija anavomera kangapo kuti sakudziwa. Iwe mwana wanga watengera mawu ake, watengera kayendetsedwe kake ka manja, watengera mpaka kukanda m'mutu. Koma mawu akuti "sindikudziwa" sindinawamvepo pakamwa pako.

Ndikuuze za a Ziba, amene anandiphunzitsa kusoka nditangobwera kuno. Iwe unawapeza atakalamba, koma m'masiku awo munthu akavala malaya a Ziba ankadziwika ali patali. Ophunzira awo tinamwazikana boma lonse, ena ku Euthini, ena pa Jenda, ena mpaka ku Mzuzu, ndipo aliyense ankadzitama kuti anadutsa m'manja mwawo. A Ziba anali ndi lamulo lawo: ukayeza khosi kapena chiuno, uchotseko chala chimodzi pa zimene tepi yanena. Tonse tinalimeza lamulolo osatafuna. Nditagula makina anga ndi tepi yanga ndinapitiriza kuchotsa chala. Abambo akabwera kudzadandaula kuti kolala ikuwakanyanga pakhosi, ndinkawauza mosaphethira kuti anenepa. Atsikana amene ndinkawaphunzitsa akaiwala kuchotsa chala ndinkawakalipira, n'kunena kuti a Ziba sankasoka choncho. Patapita zaka ndinapita kukawazonda akudwala, ndinaona tepi yawo yakale ili pa msomali. Kunsonga kwake kunali kopserera, simbi ya makala inadyako kale kwambiri ife tisanabwere. Iwo ankachotsa chala chifukwa tepi yawo inali yoduka. Ife matepi athu anali athunthu. Nditawauza anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mbwenu nonsenu palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa chifukwa chake? Ine ndimayesa mukuona ndi maso." Theka la amuna a ku Mzimba lakhala likupemphera mabatani a pakhosi ali omasula chifukwa cha ulemu wathu kwa a Ziba.

Ndiye ukafika kumeneko, Lusungu, umulemekeze Pulofesa wakoyo, umumvere, uphunzire zonse zimene ali nazo. Koma uzifunsa chifukwa chake. Munthu wamkulu weniweni sakwiya ukamufunsa, ndipo ndikukhulupirira kuti iyeyo ndi wotero. Amene amavuta ndi ife ophunzira. Timatenga mawu a mphunzitsi n'kuwaumitsa kuposa mwiniwake, kenako n'kumamenyera nawo anthu. Sindikhulupirira kuti gogo wa juzi yong'ambika uja anakhala zaka zonse zija akufufuza kuti tsiku lina mawu ake adzagwiritsidwe ntchito kuchititsa manyazi mayi wokalamba pamanda a mlongo wake. Akanakhalapo tsiku lija akanakukoka diresi kuti ukhale pansi.

Palinso nkhani ya NyaGondwe, amene tinkasoka khonde limodzi iwe uli wakhanda. Iyeyu ndi amene anatulukira kathumba kobisika m'kati mwa diresi, koti amayi ogulitsa pamsika azisungamo foni osaopa akuba. Anandionetsa tsiku lina mvula itatitsekereza, mwaulere, ngati mnzake. Makasitomala anga anali ambiri kuposa ake, ndiye posakhalitsa msika wonse unayamba kunena za "matumba a amake Lusungu". Sindinanenepo kuti nzeruyo inali yanga. Koma sindinanenenso kuti inali yake. Ndinkangomwetulira. NyaGondwe sanandikalipire. Anangonyamula makina ake n'kusamukira pakhonde lina, ndipo mpaka lero timapatsana moni wouma. Unandiuza kuti kuntchito kwanuko ukulu wa munthu umaoneka ndi kuchuluka kwa amene amamutchula m'zolemba zawo. Ndiye iwe uzitchula anthu, mwana wanga. Kutchula Pulofesa n'kosavuta, aliyense amafuna kuti dzina lake likhale pafupi ndi dzina lalikulu. Uzitchulanso mnzako amene wakupatsa ganizo mukumwa tiyi, ndi amene amasamala mbewa zanu zofufuzirazo. Ndimasekabe ndikaganiza kuti kwathu ku Kasungu mbewa timaziwamba pamoto, iwe ukuwoloka nyanja kukaziphunzitsa njira.

Tsopano taganiza bwino. Ukadzalemba buku lako lalikulu, patsamba loyamba udzathokoza Pulofesa. Nanga ankhazi ako amatchulidwa pati? Adada ako atamwalira, makina angawa sakanatha kukufikitsa ku sekondale yogonera komweko. Amalume a adada ako ankati mwana wamkazi akhale pakhomo athandize mayi wake. Ankhazi ako ndi amene anaima pakati pa amuna n'kunena kuti mdumbu wawo anawasiyira mawu, ndipo mawu a womwalira sakanidwa. Anatsegula khola lawo n'kutulutsa ng'ombe yaikazi imene ankaikonda kwambiri, n'kuigulitsa kuti upeze fizi. Amuna awo sanawalankhule mpaka kukolola. Nkhani ija amaisimba chaka ndi chaka si yongosangalatsira anthu pamaliro. Ndi pamene iwo aimapo pa maphunziro ako. Alibe satifiketi, sadzakwera ndege, Chingerezi chako sachimva. Ali ndi mawu amenewo basi, akuti mlongo wawo anawakhulupirira ndipo iwo sanamugwiritse mwala. Iwe unawauza pamaso pa mudzi wonse kuti mawuwo ubongo wawo unangopeka.

Ine ndinawalakwirapo ankhazi ako mwanjira yomweyi, ndiye ndikudziwa kumene ukupita. Ndinali mtengwa watsopano, Mchewa wa kumalire a Kasungu, kwathu kumene mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi ndipo za ng'ombe za lobola timangozimva. Tsiku lina kunabwera alendo, ankhazi ako n'kuyamba kusimba za ng'ombe zimene anakapereka kwathu. Anati patsogolo panali ng'ombe yofiira ya nyanga zokongola, imene bambo awo anaisunga kuyambira ili kathole. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Ayi alamu, inali yakuda, yofiirayo inatsala kuno chifukwa inkatsimphina." Zinali zoona. Koma sindinkadziwa kuti kuno ng'ombe ya lobola ndi ulemu wa banja, ndipo kunena pagulu kuti anasiya yabwino n'kutumiza ina kunali kuwavula pamaso pa alendo. Nyengo yonse ya dzinja sanalawe chakudya chophika ine. Ndinkalira kuseri kwa nkhokwe, ndikudziuza kuti ine ndanena zoona. Adada ako anandipeza tsiku lina n'kunena kuti, "Zoona zakozo zakusiya wekha. Pita ukawaone."

Ndinapita, ndipo ndikuuze momwe ndinachitira kuti nawenso ukatero, poti mayi ameneyu ali ndi njira yake. Usakayambe ndi kulongosola. Ukangoyamba kuti "ankhazi, chimene ndinkatanthauza", basi wataya. Ukalowe pakhomo, ukagwade, ukapereke nkhuku imene ndamanga miyendo kuseri kwa nyumba, thadzi lamawangamawanga lija. Sakakuyang'ana. Akakhala akutong'ola chimanga kapena kusankha nyemba, ndiye iwe ukakhale pansi pambali pawo, ukayambe kugwira ntchito yomweyo. Diresi lako lapaulendo likada, lide, madzi ku Lilongwe alipo. Akakusiya nthawi yaitali ndithu, dzuwa likakuwotcha, ukaganiza zoti basi ya pa Jenda ikusiya. Upirire. Kenako akakutuma kanthu kakang'ono, mwina madzi akumwa, mwina kupirikitsa mbuzi. Ukamva akukutuma udziwe kuti chitseko chatseguka. Pamenepo ndi pamene unganene kuti, "Ankhazi, ndapota, ndinalakwa." Mawu amenewo okha. Ine atandituma madzi tsiku lija ndinathamanga mpaka kugwa pa mwala, ndipo anaseka n'kunena kuti, "Mchewa uyu atithera makapu." Kuchokera pamenepo takhala ngati obadwa mimba imodzi.

Zina zing'onozing'ono ndizinene pano ndisanaiwale. Ndasoka nsalu yofunda m'kati mwa jekete lako lakuda, poti akuti kumeneko kumazizira kuposa ku Chikangawa mu Juni. Uzidya, usamangomwa khofi ngati momwe unkachitira nthawi ya mayeso. Upeze mpingo, ngakhale nyimbo zawo zikhale zozizira bwanji. Ukatopa kapena ntchito ikakukanika usabise. Undiimbire, ndimve mawu ako, ngakhale ndilibe nzeru ya mbewa yoti ndikupatse. Anzako kumeneko adzakhala ochokera m'nyumba za mabuku, ndipo tsiku lina udzachita manyazi ndi kwanu. Manyaziwo akadzabwera usadzadzide, amagwira aliyense, koma usadzalole kuti akhazikike. Ndipo ukadzabwera kutchuthi usadzatiyeze ngati ndife odwala ako. Tikamasimba zakale uzingomvetsera, zina uzisunga mumtima.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira kuyambira tsamba loyamba.

Unanena kuti ankhazi ako anafika adada ako atamwalira kale. Pamenepo sunaname. Ngolo yawo inafika kuchipatala cha mishoni madzulo, zonse zitatha. Koma mawu aja adada ako anawanenadi. Ndinawamva ndi makutu anga. Sanawanene tsiku lomaliza, anawanena sabata ya m'mbuyo mwake, akadatha kukhala tsonga, ankhazi ako atabwera ndi phala la mawere. Iwe unali kusukulu tsiku limenelo. Anawaitanadi Nyuma, anawagwira pamkono, n'kuwauza za iwe. M'kupita kwa zaka tsikulo lakhala likusendera pang'onopang'ono m'mutu mwawo mpaka lafika pa mphindi yomaliza. Pulofesa wako akunena zoona, ndaziona ndi maso anga. Koma chimene chinasuntha ndi tsiku lokha. Mawuwo ndi a adada ako.

Ndipo iwe mwana wanga, iwenso ubongo wako ndi wa munthu.

Unali mu Sitandade 7. Tsiku limenelo adada ako anali chigonere, osalankhula, akupuma mwapang'onopang'ono monga ankachitira masiku onse aja. Chakumasana ndinaona kuti sunadye kanthu chidzukireni, ndinakutuma kumsika wa kunja kwa mpanda kuti ukagule nthochi. Utangotuluka ndinaona kuti nsalu yowapukutira yada, ndinati ndithamangire kumpope ndikaitsukuluze, ndi pafupi pomwepa. Anamwino anali pabedi lina akuthandiza munthu amene anali pamavuto, ankagwira ntchito yawo, sindiwada. Pampope ndinapeza mzere wa amayi, ndinadikira. Nditabwerera ndinapeza chifuwa chawo chili duu. Ndinaitana dzina lawo, ndinawagwedeza. Anali atapita.

Ndisanatulutse ngakhale mawu amodzi, iwe unalowa ndi nthochi zako. Unaika pakabati, unakhala pamphepete pa bedi monga unkachitira, n'kutenga dzanja lawo. Unayamba kuwauza za msika, kuti nthochi zakwera mtengo, kuti waona mnzako wa kusukulu. Ine ndinaima kumiyendo kwa bedi ndi nsalu yonyowa m'manja. Ndinakusiya ulankhule. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinalira, anamwino anabwera, ndipo iwe unakhulupirira kuti adada ako atsirizika nthawi yomweyo, dzanja lawo lili m'manja mwako. Madzulo ake unauza anthu choncho. Chaka chotsatira unawonjezera kuti anakufinya chala. Uli ku sekondale unalemba chimangirizo chonena kuti anakuyang'ana komaliza, aphunzitsi ako anandiwerengera, ndinawathokoza n'kubwera kunyumba.

Sindinakukonze, monganso ankhazi ako sindinawakonze. Poyamba ndinkati ndikuchitira iwe, mwana wamasiye asungeko kanthu. Koma ndinkadzichitiranso ndekha. Mwamuna wanga, munthu amene sankatha kudya yekha, amene ankaitana ngakhale wodutsa m'njira kuti adzakhale naye pamphasa, anamwalira popanda munthu pambali pake, ine ndili pa mzere wa madzi ndi kansalu. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, ndipo ndi koyamba kuchiuza munthu. Ankhazi ako akamasimba kuti analipo, ndimatseka maso n'kuwaona ali pamenepo. Iwe ukamasimba kuti unalipo, ndimakuonanso. M'nkhani zanu ziwirizo adada ako sapita okha. Ndakhala ndikutsamira nkhani zimenezi zaka zonsezi. Tsiku la chiliza lija, pamene unagwetsa ya ankhazi ako, ndinaona ngati chipinda chija chikuyambanso kukhala chopanda anthu.

Ndalimbana nazo masabata onsewa ngati ndikuuze kapena ayi. Ndikudziwa kuti ndikukupweteka, ndipo mwina undikwiyira mpaka kukwera ndege osandiimbira. Ndavomera. Koma sindikanalola kuti upite kukakhala katswiri wa zimenezi ukuganiza kuti ubongo umene umasokanso zinthu ndi wa anthu akumudzi okha, wako ndi galasi. Ukadzakhala pamaso pa munthu amene akukusimbira zimene amakumbukira, kaya ndi wodwala, kaya ndi nkhalamba, udzadziwe kuti nawenso unanyamula nkhani yotere kuyambira uli mwana, ndipo inakuthandiza kukula. Ndikuganiza kuti ukatero udzakhala wophunzira wabwino wa Pulofesa uja kuposa onse amene amangomutchula dzina.

Za kumpope zija usakawauze ankhazi ako. Zimenezo ndi za ine ndi iwe. Ukangowauza kuti amama anena kuti mawu aja anawamva nawonso, poti ndi zoona. Akafuna kusimbanso nkhani yawo, ngakhale aike tsiku lolakwika, ukawasiye afike kumapeto.

Ndikhala kukhitchini ukamawerenga. Ukatha, ngati ukufuna kundikalipira, bwera undikalipire, ndikhala pansi ndimve. Ngati sukufuna kulankhula, ungobwera udzakhale pambali panga. Koma chinthu chimodzi usachikayikire. Pamene unkawauza za nthochi, dzanja la adada ako linali likadali lofunda. Ndinaligwira pambuyo pako, ndikudziwa. Munthu womaliza kucheza nawo akadali ofunda, asanazizire, asanakhale maliro, unali iwe, ndipo unkalankhula nawo ngati bambo ako.

Pita bwino, mwana wanga. Udzere ku Edingeni.

Ndine amene ndinakubereka,
Amama ako